Matope a m'nyanja za m'mapiri ndi nyengo ya ayezi: mafunso ndi mayankho

Zaka 21,000 zapitazo panalibe munthu wolemba m'buku kuti lero kwazizira bwanji, kapena kuti mvula ya chaka chino yagwa yochuluka motani. Komabe akatswiri a za nyengo yakale amatchula madigiri ndi zaka za nthawi imeneyo mosadodoma. Zambiri zimene amanenazo amazipeza m'matope a pansi pa nyanja, makamaka nyanja zing'onozing'ono za m'zigwa ndi m'mapiri ataliatali. Zitsanzo zambiri pa tsamba lino zachokera ku mapiri a kum'mawa kwa Africa, kumene ntchitoyi yakhala ikuchitika kwa zaka zoposa 60.

Kodi nyengo ya ayezi imene ikunenedwayi inali liti?

Sinali imodzi. Kwa zaka pafupifupi 2.6 miliyoni dziko lakhala likuzizira n'kufundanso mobwerezabwereza. Kuzizira komaliza kunayamba zaka pafupifupi 115,000 zapitazo n'kutha zaka 11,700 zapitazo, ndipo kunafika pachimake pakati pa zaka 26,000 ndi 19,000 zapitazo. Nthawi imeneyo ayezi wokhuthala makilomita 2 kapena 3 anakwirira Canada ndi Scandinavia. Popeza madzi ambiri anali atagwidwa pamtunda, nyanja zamchere zinatsika ndi mamita pafupifupi 120. Dziko lonse linali lozizirapo ndi madigiri pafupifupi 6 poyerekeza ndi nthawi imene mafakitale anali asanayambe.

Gwero lake ndi kusintha pang'onopang'ono kwa njira imene dziko limadutsa pozungulira dzuwa, ndiponso kwa kapendekeke kake. Katswiri wa masamu wa ku Serbia, Milutin Milanković, ndiye anawerengera zimenezi m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Koma kusinthako pakokha n'kochepa. Zimene zinakukulitsa ndi ayezi mwiniwakeyo, amene amabweza kuwala kwa dzuwa, ndiponso mpweya wa kaboni dayokisaidi, umene unatsika kufika pa magawo pafupifupi 190 pa miliyoni, pamene mafakitale asanabwere unali pa 280. Nambala ya 190 imeneyi muisunge, ifunikanso tikafika pa za mitengo.

Ku Africa kuno kunalinso ayezi?

Kunali, koma pamwamba pa mapiri okha, monga Kilimanjaro, phiri la Kenya, Rwenzori, Elgon, Aberdare, ndi mapiri a Bale ndi Simien ku Ethiopia. Sinowo akamagwa chaka ndi chaka osasungunuka yense, wam'munsi amapanikizika n'kusanduka ayezi, ndipo kulemera kwake kumamukankhira m'chigwa. Umenewu ndiwo mtsinje wa ayezi. Umayenda mamita ochepa kapena makumi angapo pa chaka, ukupera thanthwe ndi kukankha miyala kutsogolo ndi m'mbali mwake. Ukasungunuka umasiya miyalayo ili mitumbira italiitali.

Ku Rwenzori, m'malire a Uganda ndi Congo, nsonga yaitali kwambiri ili pa mamita 5,109, ndipo ayezi amene watsala lero ali pafupi ndi nsongazo. Koma m'chigwa cha Mubuku mitumbira ya miyala imatsika mpaka pafupi ndi mamita 2,000, m'nkhalango yowirira. Nyanja ya Mahoma, imene ili pa mamita pafupifupi 3,000, inabadwa pakati pa mitumbira yomweyo.

Wina angafunse za Mulanje. Sapitwa ali pa mamita 3,002, ndipo msinkhu umenewu ndi wotsika poyerekeza ndi pamene sinowo ankakhala osasungunuka chaka chonse pa mapiri a kum'mawa kwa Africa, ngakhale pa nthawi yozizira kwambiriyo. Kwathu kuno nkhani yaikulu ya nyengo imeneyi inali ya mvula, ya mitengo ndi ya kuya kwa nyanja.

N'chifukwa chiyani amalimbana ndi nyanja za m'mapiri, osati mitsinje?

Mtsinje umasiya matope lero, mawa n'kuwakokolola. Nyanja imasunga. Fumbi, mungu wa zomera, makala a moto wa m'tchire, tizilombo takufa ndi dothi lochokera m'mapiri, zonse zimamira n'kukakhala pamwamba pa zimene zinamira chaka chatha. Nyanja ikakhala yakuya ndithu, madzi apansi amasowa okosijeni, motero sipakhala nyongolotsi kapena nsomba zovundula matopewo. Ubwino wa nyanja ya m'phiri ndi woti madzi ake amachokera m'dera laling'ono, ndiye umadziwa kuti zimene wapezazo ndi za pamalo pomwepo. Chinanso, imakhala pafupi ndi malire a nkhalango, pamene kuzizira kukangowonjezeka pang'ono mitengo imagonja.

Koma nyanjazi sizifanana, ndipo apa m'pofunika kumvetsa. Nyanja imene inakumbidwa ndi ayezi imayamba kusunga matope ayeziyo atachoka. Matope ake apansi penipeni amakuuzani nthawi imene chigwa chinamasuka, koma za pachimake pa kuzizira alibe mawu. Wofuna za pachimakepo amafunafuna nyanja imene ayezi sanaifike, ndipo kawirikawiri imakhala ya m'dzenje la phiri lophulika. Sacred Lake ndi Rutundu pa phiri la Kenya ndi zotere, chimodzimodzinso Challa m'munsi mwa Kilimanjaro ndi Masoko m'mapiri a Rungwe ku Tanzania, kumpoto pang'ono kwa nyanja ya Malawi.

Palinso nyanja zimene zinafa kalekale, matope ake n'kutsala m'chigwa. Ku Baumkirchen, m'chigwa cha mtsinje wa Inn pafupi ndi Innsbruck ku Austria, anthu ankakumba dothi loumbira njerwa lokhala ndi mizeremizere. M'dothimo munapezeka timitengo ta zaka zoposa 30,000, umboni woti chigwa chachikulu chimenechi, m'kati mwenimweni mwa mapiri a Alps, chinali ndi nyanja ndi zomera ayezi asanachidzaze. Ku La Grande Pile, m'mphepete mwa mapiri a Vosges ku France, Geneviève Woillard anafalitsa mu 1978 mbiri ya mungu ya zaka pafupifupi 140,000 yosadukiza, yochokera m'nyanja imene inasanduka chithaphwi.

Matopewo amawatulutsa bwanji osawasokoneza?

Amamanga kaphaka pa mabwato a mphira, n'kukamangirira ndi zingwe pakati pa nyanja. Kenako amatsitsa paipi yachitsulo yotalika mita imodzi, ya masentimita pafupifupi 5 m'mimba mwake, yokhala ndi chotsekera chimene chimatsetsereka m'kati. Chotsekeracho chimaima pamodzi pamene paipi ikukankhidwira pansi, choncho matope amalowa osaphwanyika ndipo sagwa pokoka. Akatulutsa mita imodzi amabwerera m'dzenje lomwelo kukatenga yotsatira. Pambali pake amaboola dzenje lachiwiri loyambira pa msinkhu wosiyana, kuti pamene ndodo ya matope inadukira m'dzenje loyamba papezeke pathunthu m'lachiwiri.

Chida chimenechi chinakonzedwa mu 1955 ndi Daniel Livingstone, amene pambuyo pake anaphunzitsa kwa zaka zambiri pa Duke University ku America (si David Livingstone wa m'mbiri yathu uja, awa ndi anthu awiri osiyana). Iye yemweyo anakakumba m'nyanja za ku Rwenzori, kuphatikizapo Mahoma, n'kufalitsa zotsatira zake mu 1967. Katundu yense wa ntchito yotere amakwera phiri pamitu ndi pamisana ya anthu a m'deralo, amene amadziwa njira ndi nyengo ya phirilo, ngakhale maina awo saoneka kawirikawiri pa malipoti.

Ku labotale ndodo iliyonse amaing'amba pakati m'litali. Theka lina amalijambula ndi kutapapo timatope toyeza, lina amalisunga osalikhudza m'chipinda chozizira madigiri 4, kuti obwera m'tsogolo ndi njira zatsopano adzapeze poyambira.

Amadziwa bwanji kuti matope awa ndi a zaka zakutizakuti?

Funso limeneli ndi lalikulu kuposa onse, chifukwa mungu kapena tizilombo topanda zaka sitikuuzani kanthu.

Njira yosavuta kumva ndi kuwerenga mizere. M'nyanja zina nyengo iliyonse ya pachaka imasiya mtundu wake wa matope, woyera ndi wakuda, ndipo awiriwo amapanga chaka chimodzi. Gerard De Geer wa ku Sweden ndi ophunzira ake anawerenga mizere yotere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, n'kupeza kuti ayezi anachoka liti m'dziko lawo. Vuto lake n'loti nyanja zokhala ndi mizere yooneka bwino ndi zochepa, ndipo chaka china mzere sungaoneke.

Njira imene imagwira ntchito kwambiri ndi ya kaboni-14, imene Willard Libby anaitulukira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Chomera chilichonse chamoyo chimatenga kaboni wa mtundu umenewu mumpweya. Chikafa chimaleka kutenga, ndipo amene ali m'thupi mwake amachepa ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse. Ukayeza amene watsala m'tsamba kapena m'njere, umadziwa kuti chinafa liti. Pakadutsa zaka pafupifupi 50,000 wotsalayo amachepetsetsa, njirayi n'kuthera pomwepo.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi woti zomera za m'madzi zimatha kutenga kaboni wakalekale wosungunuka m'miyala ya laimu kapena wotuluka pansi pa phiri lophulika, motero zimaoneka zokalamba ndi zaka mazana kapena masauzande kuposa mmene zilili. N'chifukwa chake wofufuza wosamala amasefa matope kufunafuna tsamba kapena kamtengo ka pamtunda, osangoyeza matope onse pamodzi. Wachiwiri ndi woti kuchuluka kwa kaboni-14 mumpweya sikunali kofanana nthawi zonse, choncho zaka zimene makina atulutsa ziyenera kuwongoledwa. Pa kuwongolako imathandiza kwambiri nyanja ya Suigetsu ku Japan, imene ili ndi mizere ya pachaka ya zaka masauzande makumi angapo, masamba a mitengo ali m'katikati mwake. Kumeneko tsamba limodzi limapatsidwa zaka m'njira ziwiri, powerenga mizere ndi poyeza kaboni.

Kupitirira zaka 50,000 amadalira zina. Timchenga timasunga mphamvu inayake kuyambira tsiku limene tinakwiririka kuchoka padzuwa, ndipo mphamvuyo imayezeka. Timiyala ta chitsulo m'matope timaloza kumene kunali kumpoto kwa maginito a dziko pa nthawi imene tinkamira, ndipo kumpotoko kunatembenuka zaka pafupifupi 780,000 zapitazo. Palinso phulusa la mapiri ophulika, limene limagwa m'nyanja zambiri pa nthawi imodzi, lililonse lili ndi kapangidwe kake kodziwika nalo. Mu 2013 Christine Lane ndi anzake analengeza kuti apeza timagalasi ta phulusa la phiri la Toba la ku Sumatra m'matope a nyanja ya Malawi, mamita pafupifupi 28 kuchokera pamwamba pa matopewo. Toba linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo, pa mtunda wa makilomita 7,000 kuchokera kuno. Timagalasito sitioneka ndi maso, koma tinakhomera chaka chodalirika pakati pa ndodo ya matope. Tinathandizanso pa mtsutso wina: ena ankati Toba linaziziritsa dziko mpaka mtundu wa anthu unatsala pang'ono kutha, koma matope a pamwamba ndi pansi pa phulusalo sanaonetse kuzizira kwakukulu kuno.

Mungu wa zomera ungakhale zaka zonsezo osaola?

Khungu lake lakunja ndi lolimba zedi, ndipo m'matope opanda okosijeni limakhala zaka mazana a masauzande. Mtundu uliwonse wa chomera uli ndi mungu wa maonekedwe ake. Munthu amakhala pa maikulosikopu n'kuwerenga timbewu 300 kapena 500 pa msinkhu uliwonse wa ndodo, kamodzikamodzi, n'kulemba kuti ndi ta mtengo wanji. Lennart von Post wa ku Sweden ndiye anaonetsa njirayi koyamba mu 1916.

Sacred Lake ili pa mamita pafupifupi 2,350, ndipo lero yazunguliridwa ndi nkhalango yonyowa. J. A. Coetzee wa ku South Africa atawerenga mungu wake m'zaka za m'ma 1960 anapeza kuti pachimake pa nyengo ya ayezi panalibe nkhalango pamenepo. Panali udzu ndi zitsamba zimene lero zimamera kumtunda kwambiri. Zinkaoneka kuti malire a nkhalango anatsika ndi mamita pafupifupi 1,000, ndipo anthu anatenga mamitawo n'kuwasandutsa madigiri.

Kenako nkhani inapindika. Mu 1997 Alayne Street-Perrott ndi anzake anayeza mitundu ya kaboni m'matope a nyanja yomweyo, n'kuonetsa kuti kuzizira sikunali kokha kumene kunathamangitsa mitengo. Mpweya wa kaboni dayokisaidi ndiwo chakudya cha zomera, ndipo utatsika kufika pa 190 uja mitengo inkamva njala, makamaka pamwamba pa phiri pamene mpweya ndi wopepuka kale. Udzu wa mitundu ina, wa gulu limodzi ndi chimanga ndi mapira, umatha kukoka mpweyawu ngakhale uli wochepa, choncho unalanda malo. Tanthauzo lake n'loti mungu umanena zoona za zomera zimene zinalipo, koma sunena chifukwa chake zinalipo. Kuzizira, chilala, kuchepa kwa mpweya ndi moto, zonse zikhoza kuchotsa nkhalango. Daniel Olago wa ku University of Nairobi anapitiriza ntchito pa matope a Sacred Lake, amene amafika zaka zoposa 100,000.

Nanga madigiri enieniwo amawapeza kuti?

Amawapeza pa zamoyo zimene zimamva kutentha mwachindunji. Pali timphutsi ta tizilombo touluka tofanana ndi udzudzu koma tosaluma, timene timakulira m'matope. Tikamafundula timasiya zigoba za mitu yake, ndipo mtundu uliwonse uli ndi madzi amene umakonda, ozizira kapena ofunda. Ofufuza amayendera nyanja zambiri za lero, kuyambira m'munsi mpaka pamwamba pa mapiri, n'kulemba kuti pa madigiri akuti pamapezeka mitundu yakuti. Akatero amabwerera ku matope akale ndi muyeso umenewo.

Njira yatsopanopo ndi ya mafuta a m'khungu la mabakiteriya ndi tamoyo tina tating'ono kwambiri. Timeneti timasintha kapangidwe ka khungu lake malinga ndi kutentha kwa madzi, kuti lisaume kukazizira kapena kufewa kwambiri kukatentha. Mafutawo amatsala m'matope mwini wake atafa kalekale. Ndi njira yotere, Lindsay Powers, Thomas Johnson ndi anzawo anapeza mu 2005 kuti madzi a pamwamba pa nyanja ya Malawi anali ozizirapo ndi madigiri pafupifupi 3.5 pachimake pa nyengo ya ayezi.

Chimene ine ndimachiona chofunika kwambiri chinatuluka mu 2017. Shannon Loomis, James Russell ndi anzawo anayeza matope a nyanja ya Rutundu, yomwe ili pa mamita oposa 3,000, n'kuyerekeza ndi Sacred Lake ndiponso nyanja za m'munsi monga Tanganyika ndi Malawi. Anapeza kuti kumtunda kunazizira kwambiri kuposa kumunsi. Lero ukakwera kilomita imodzi m'dera limeneli kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 5.8, koma nthawi imeneyo kunkatsika ndi 6.7, chifukwa mpweya unali wouma. Zimenezi zinamasula mfundo imene inavutitsa anthu kwa nthawi yaitali, yoti ayezi anatsika bwanji chotere m'zigwa za Rwenzori pamene nyanja za m'munsi zinangozizira pang'ono. Ukaitembenuza nkhaniyi, ikunena kuti dziko likamafunda, mapiri ataliatali a m'madera otentha amafunda kuposa zigwa.

Matope angaonetse kuti mtsinje wa ayezi unali pafupi?

Inde. Ayezi akamapera thanthwe amatulutsa ufa wa miyala wosalala kwambiri, umene madzi osungunuka amautengera m'nyanja. Matope a nthawi imeneyo amakhala otuwa, opanda zoola zambiri. Ayezi akabwerera m'mbuyo matope amada chifukwa cha zomera. Ku nyanja ya Junín ku Peru, pa mamita oposa 4,000 m'mapiri a Andes, anaboola mu 2015 n'kupeza matope otuwa ndi akuda akusinthana kwa zaka pafupifupi 700,000. Mitumbira ya miyala singachite zimenezi, chifukwa ayezi watsopano akakula kuposa wakale amafafaniza mitumbira yakaleyo.

Nanga mvula? Kukazizira kumagwa mvula yambiri kapena yochepa?

M'madera ambiri a kum'mawa kwa Africa kunali kouma. Umboni umachokera ku ndere zina zazing'ono zokhala ndi zigoba zagalasi, zimene mitundu yake imasiyana m'madzi akuya ndi osaya, abwino ndi amchere. Umachokeranso ku phula la pamasamba, limene limasunga chizindikiro cha madzi a mvula imene chomeracho chinamwa. Nthawi zina umboni umakhala wosachita kufunsa: pansi pa nyanja ya Victoria, gulu la Thomas Johnson linapeza dothi la pamtunda pansi pa matope, kutanthauza kuti nyanja yonseyo inaphwa n'kudzadzanso zaka pafupifupi 15,000 zapitazo.

Koma si paliponse pamene panayenda mofanana. Matope a Masoko, amene amafika zaka 45,000, akuonetsa nthawi zina zonyowa m'kati mwa nyengo ya ayezi, ndipo pa kuzizira kwadzidzidzi kotchedwa Younger Dryas, pakati pa zaka 12,900 ndi 11,700 zapitazo, kumeneko kunali konyowa pamene nyanja za kufupi ndi equator zinkatsika. Kumpoto kwa dziko kukazizira kwambiri, lamba wa mitambo ya mvula amakankhidwira kumwera, ndiye wina amalira chilala pamene mnzake akulandira mvula.

Ku Challa kuli mizere ya pachaka. Chaka cha mphepo yambiri ndi mvula yochepa chimasiya mzere wokhuthala, chaka cha mvula yambiri chimasiya wopyapyala, ndipo zimenezi zimatsatira El Niño, yemweyo amene amabweretsa mvula yambiri ku Kenya koma chilala kumwera kwa Africa. Kafukufuku wa mu 2011 anaonetsa kuti pa nthawi yozizira zaka sizinkasiyana kwambiri, koma pa nthawi yofunda chaka cha chigumula ndi chaka cha chilala zimasiyana kwambiri. Kwa mlimi mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa ya madigiri.

Nyanja ya Malawi si ya m'phiri. Ikulowamo bwanji?

Ikulowamo chifukwa popanda nyanja ya m'munsi yoyerekezera, nyanja ya m'phiri singakuuzeni ngati kuzizira kwake kunali kwa paliponse. Komanso nyanja yathuyi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, madzi ake a pansi pa mamita 250 alibe okosijeni, ndipo matope ake amafika kutali kumene nyanja zing'onozing'ono sizifika.

Mu 2005 gulu lotsogozedwa ndi Christopher Scholz, Andrew Cohen, Thomas Johnson ndi John King linaika makina oboolera pa chombo cha Viphya. Pa malo ena, pamene madzi ndi akuya mamita pafupifupi 590, anaboola matope mamita 380, ofika zaka pafupifupi 1.3 miliyoni. Zimene anapeza zinadabwitsa ambiri. Chilala choopsa kwambiri sichinali cha pachimake pa ayezi ayi, koma cha pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo. Nthawi zina m'zaka zimenezo nyanja inatsika mamita oposa 500, n'kutaya madzi osachepera magawo 95 pa 100 alionse. Inasanduka yosaya ndi yamchere, yozunguliridwa ndi dziko louma. Mungu unachepa, ngakhale makala anachepa, poti kunalibe udzu wokwanira kuti moto uyende. Zotsalira za timphutsi ta nkhungu, zija zimauluka ngati utsi pamwamba pa nyanja, zinathandizanso pa kafukufukuyu, chifukwa timphutsito timafuna madzi akuya obisalamo masana.

Kodi nthawi imeneyo kunali anthu?

Analipo, ndipo ena ankakhala pafupi ndi ayezi penipeni. Ku Fincha Habera, phanga la m'mapiri a Bale pa mamita pafupifupi 3,470, anthu ankakhalako pakati pa zaka 47,000 ndi 31,000 zapitazo. Ankadya mfuko zikuluzikulu za m'mapirimo, kumwa madzi osungunuka ku ayezi, ndi kusema zida ndi mwala wakuda wagalasi umene ankakautenga kumtunda kwambiri.

Ku Karonga, Jessica Thompson ndi anzake anayerekeza zida zamiyala zokumbidwa pamtunda ndi mungu ndi makala a m'matope a nyanja ya Malawi. Mu 2021 anafalitsa kuti kuyambira zaka pafupifupi 85,000 zapitazo mvula inabwerera ndipo nyanja inadzadza, koma nkhalango sinabwerere ndi mitundu yambiri ya mitengo monga inkachitira kale mvula ikachuluka. M'malo mwake makala anawonjezeka. Iwo akuti ndi moto wa anthu. Ku Nyika nako, Michael Meadows anawerenga mungu wa m'madambo m'zaka za m'ma 1980 n'kupeza kuti udzu wa pamwamba pa phirilo wakhalapo kwa zaka masauzande ambiri. Izi zinatsutsa ganizo loti Nyika yonse inali nkhalango mpaka anthu a posachedwapa anaitentha.

Kodi ofufuzawa sangalakwitse?

Angalakwitse, ndipo malo olakwikira amadziwika. Matope akhoza kugumuka m'mbali mwa nyanja n'kukaunjikana pakati, akale pamwamba pa atsopano. Nyanja ikaphwa, zaka masauzande zimasowa popanda chizindikiro chooneka msanga. Mungu wa mitengo ina monga Podocarpus umauluka kutali, moti ukhoza kupezeka pamene mtengowo sunamerepo. Muyeso wa madigiri nawonso umapangidwa pa nyanja za lero, ndipo umaphonya ndi digiri imodzi kapena awiri.

Pa bwalo la mfumu mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi, ndipo pano n'chimodzimodzi. Mungu, timphutsi, mafuta a mabakiteriya ndi mitumbira ya miyala zikagwirizana, nkhani imalimba. Zikasemphana, monga zinachitikira ku Sacred Lake, kusemphanako kumaulula chinthu chimene chinali chisanaganiziridwe. Mukamawerenga lipoti la kafukufuku wotere, yambani mwaona kuti zaka zinayezedwa pa malo angati m'ndodoyo, ndiponso ngati anayeza masamba a pamtunda kapena matope wamba.

Ngati nyengo inkasintha yokha kalelo, bwanji tikuda nkhawa ndi kusintha kwa lero?

Chifukwa cha liwiro, ndiponso chifukwa matope omwewo akuonetsa mphamvu ya mpweya umenewu. Potuluka m'nyengo ya ayezi, kaboni dayokisaidi anakwera kuchoka pa 190 kufika cha m'ma 270 pa zaka masauzande angapo, ndipo pamodzi ndi kusungunuka kwa ayezi zinasintha dziko lonse. Kuchokera pa 280 wa mafakitale asanayambe, lero wadutsa 420 pa zaka zosakwana 300. Ku Rwenzori, pamene gulu la Duke wa Abruzzi, kalonga wa ku Italy, linakwera n'kujambula mapiriwo mu 1906, ayezi anali pa malo oposa masikweya kilomita 6. Lero watsala pa malo osakwana sikweya kilomita imodzi.

Pali phindu linanso. Mapulogalamu a pakompyuta amene amalosera nyengo ya m'tsogolo amayesedwa powapatsa dziko la zaka 21,000 zapitazo, kuti aone ngati atulutse zimene matope akunena. Pa nkhani ya Rutundu ija, mapulogalamuwo anachepetsa kuzizira kwa kumtunda. Ngati akuchepetsa kuzizira kwa kale, akhoza kukhala akuchepetsanso kufunda kumene kukubwera pa mapiri amene mitsinje yambiri imayambira.

Wophunzira wa kuno angalowe bwanji m'ntchito imeneyi?

Khomo lake ndi maphunziro a za miyala ndi nthaka, za zomera, za zamoyo za m'madzi, kapena kemisitiri. Wodziwa mitengo ya m'nkhalango za miombo ndi za m'mapiri athu ali kale patsogolo, chifukwa mungu wakale umazindikirika pouyerekeza ndi wa zomera za lero. Ndodo za matope za mu 2005 zimasungidwa ku University of Minnesota mumzinda wa Minneapolis, ndipo ofufuza amapempha timatope toyeza kumeneko. Manambala ambiri a mungu ali pa intaneti kwaulere, m'nkhokwe monga Neotoma ndi African Pollen Database, moti munthu wokhala ndi kompyuta akhoza kuyamba kuwasanthula asanaone n'komwe paipi yoboolera.

Kunena za malo okumba, madamu a pa Zomba ndi a ku Chelinda ndi omangidwa ndi anthu, choncho matope ake ndi a zaka makumi ochepa chabe, oyenera wofufuza za kukokoloka kwa nthaka ndi moto wa posachedwapa. Wofuna zakale ayang'ane madambo a pamwamba pa mapiri, pamene madzi saphwa chaka chonse ndipo zomera zakufa zimaunjikana osaola, monga aja anakumba Meadows ku Nyika. Dambo lotere likangong'ambidwa ngalande n'kuuma, mpweya umalowa ndipo mungu wa m'kati mwake umayamba kuwonongeka.